Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Dipatimenti Yoona za Nyumba Zosungiramo Zinthu Zakale: Mafupa a Anthu Athu Ali Kuti?

Olemekezeka Bwana Mkulu,

Ndikulemba kuchokera ku Chemusa, ndipo pempho langa ndi limodzi. Boma lilembe kaundula wa mafupa, zigaza ndi ziwalo za anthu a dziko lino zomwe zikusungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale ndi m'masukulu a zaudokotala, kuno kwathu ndi kunja komwe, ndipo kaundulayo akhale poyera kuti aliyense wofuna awerenge. Nkhaniyi ikukhudzanso akuluakulu a Kamuzu University of Health Sciences, koma mwini wake ndinu, poti lamulo loteteza zinthu zakale, lija la Monuments and Relics Act, lili m'manja mwa ofesi yanu.

Ndinene msanga kuti sindikudana ndi maphunziro. Dokotala amene sanaonepo m'kati mwa thupi la munthu sindingamulole kuti anding'ambe pamimba. Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi chinsinsi chomwe chakuta ntchitoyi, komanso kuti pakati pa anthu osungidwawo alipo ambiri amene eniake sanafunsidwe.

Mukudziwa momwe timachitira kuno zovuta zikagwa. Masamba amaikidwa pamsewu, wa minibasi amatsitsa wailesi, wa njinga amatsika n'kuyamba kukankha. Amfumu amauzidwa uthenga usanapite kwina kulikonse. Amayi amagona m'siwa, abambo amachezera pamoto panja, adzukulu amalawirira kumanda. Ngati malemu kwawo n'ku Ntcheu kapena ku Mulanje, mbale ya chipepeso imayenda mpaka ndalama ya galimoto itakwana, ngakhale osonkhawo ndi oti dzulo lake anagona ndi njala. Munthu wa ku Chemusa kapena ku Mbayani atha kukhala moyo wake wonse m'nyumba ya lendi, koma akatisiya timafuna akagone pomwe abale ake akupadziwa, pomwe tsiku lina adzamange chiliza. Anthu otere mukawauza kuti kuli agogo awo ena amene atha zaka zoposa 100 ali m'katoni pashelefu, dzina palibe koma nambala, sangakuyankheni kuti n'zakale zimenezo.

Azungu nawo ulemu umenewu amaudziwa, ndipo anthu akuno anawachitirapo. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, mu May 1873, anyamata ake sanamutaye m'tchire. Susi ndi Chuma anatsogolera anzawo: mtima anaukwirira pansi pa mtengo, thupi analithira mchere n'kuliumitsa padzuwa, kenako analisenza mtunda woposa makilomita 1,500 mpaka ku Bagamoyo, komwe anafika mu February 1874. Chuma ameneyu anali Myao, mmodzi wa ana amene anamasulidwa m'goli la ukapolo mu 1861 n'kukakhala ku Magomero. Thupi litafika ku London, madokotala analizindikira poona fupa la mkono lomwe mkango unaphwanya mu 1844. Anaumba chifanizo cha fupalo kuti ophunzira aziona, mwiniwake n'kumuika m'manda mwaulemu ku Westminster Abbey pa 18 April 1874. Onani bwino pamenepo, Bwana. Pa munthu wawo anadziwa kuti chosunga m'kabati ndi chifanizo, munthuyo malo ake ndi kumanda. Akuluakulu amati maliro n'kulirana. Ife mbali yathu tinachita.

Patangopita zaka ngati 25, dokotala wina wa ku England, Frank Shrubsall, anali kuyeza zigaza zolembedwa kuti “Angoni” zomwe zinkasungidwa ku London, ndipo zomwe anapeza anazisindikiza m'magazini ya Anthropological Institute kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Manambala akewo akatswiri ena anapitiriza kuwagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pofananitsa mitu ya mafuko. Sayansi ya masiku amenewo inkakhulupirira kuti ukayeza kutalika ndi kutambalala kwa bade ungathe kusanja mitundu ya anthu, awa pamwamba, awa pansi, ndipo wosanjayo sankavutika kuganiza kuti iye akhala pati. Lero palibe katswiri woona amene amavomereza zimenezo. Koma chiphunzitsocho chitafa, zigaza sizinabwerere.

Kumbukirani kuti zaka zimenezo zinali zotani kuno. Kuyambira 1891 mtsamunda Harry Johnston ankathira nkhondo mafumu mmodzimmodzi: Mponda, Makanjira, Jalasi, Kawinga. Mlozi anapachikidwa ku Karonga mu 1895. Inkosi Gomani yoyamba inaphedwa mu 1896. Mutu wa munthu wochoka m'dziko lomwe likuyaka moto chonchi sungakhale kuti abale ake anaupereka ndi manja awiri. Ndiye funso loti zigazazi zinatoledwa pamudzi uti, anatola ndani, ndipo lero zili m'chipinda chiti, liyenera kufunsidwa ndi boma, pakalata yokhala ndi chidindo, ndipo yankho lake likaperekedwe kwa Inkosi ya Makhosi Gomani ndi Inkosi ya Makhosi M'mbelwa pamaso pa anthu awo. Khomo lilipo. Lamulo la ku Britain la Human Tissue Act la 2004 linapatsa mphamvu nyumba zazikulu monga British Museum ndi Natural History Museum kuti zithe kubweza mafupa a anthu amene anamwalira zaka zosapitirira 1,000 zapitazo. Koma iwo sayamba okha. Amadikira wofunsa.

Za ku Joni ndiye zimatikhudza pafupi, chifukwa kuno kumataunishipi n'kovuta kupeza banja lomwe lilibe munthu amene anapita ndi Wenela kapena Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, mpaka ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Enanso ambiri anapita paokha, wapansi, zaka zambiri m'mbuyomo. Amene sanabwerere tinkangoti anatchona. Tinkaganiza kuti anakwatira konko, anaiwala kwawo. Ena n'zoona anatero. Koma munthu wofera m'chipatala cha ku Johannesburg, abale ake ali ku Dedza ndipo uthenga sunawapeze, m'mabuku ankalembedwa kuti mtembo wopanda mwini, ndipo mitembo yotere malamulo ankalola kuti ipite ku sukulu ya madokotala.

Ku University of the Witwatersrand kuli mafupa a anthu oposa 2,500 m'nkhokwe yotchedwa dzina la Raymond Dart, mphunzitsi wa za thupi la munthu amene anayamba kuwasonkhanitsa m'zaka za m'ma 1920. Ambiri mwa anthuwo ndi akuda, amuna, ndipo ochuluka anafika kumeneko ngati mitembo yopanda mwini. Mabuku ake alipo, olembedwa zaka za munthu, mtundu umene ankamuganizira ndi chomwe chinamupha. Mu 1959 madzi anasefukira m'chipinda chapansi momwe ankasungamo, mafupa ena n'kusakanikirana, moti ngakhale nambala ija kwa ena inasiya kunena zoona. Tumizani munthu wanu mmodzi akakhale pansi ndi mabuku amenewo, ayang'ane paliponse pomwe palembedwa Nyasa, Nyasaland kapena Malawi. Ntchito imeneyo sifuna ndege ya boma. Ifuna tikiti ya basi ndi munthu wodekha mtima.

Kuti musaganize kuti ndikuona choipa chokhachokha, ku Johannesburg komweko kuli chitsanzo cha ziwalo zosungidwa zomwe zathandiza amphawi. Lamulo la kumeneko la 1973 lokhudza matenda a m'migodi limalola kuti mtima ndi mapapo a munthu amene anagwirapo ntchito mumgodi zipimidwe akamwalira, abale ake atavomera, ndipo zimapimidwa ku National Institute for Occupational Health. Mapapo amenewo akhala mboni kwa zaka zambiri yoti fumbi la m'migodi ya golide limaumitsa chifuwa n'kutsegulira njira TB. Mu 2019 khoti linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira odwala ndi amasiye kudzera ku Tshiamiso Trust, ndipo Amalawi amene anagwira ntchito m'migodiyo kuyambira 1965 akuwerengedwa nawo. Akufa analankhulira amoyo. Chosiyanitsa apa ndi ku nkhokwe ya Dart n'chakuti munthu ali ndi dzina, abale anafunsidwa, ndipo phindu likubwerera kunyumba kwake.

Tsono tibwere kwathu kuno, pa mafupa amene ali pansi pa ulamuliro wanu mwachindunji. Mu 1950 J. Desmond Clark ndi W. H. J. Rangeley anakumba pansi pa thanthwe pa phiri la Hora ku Mzimba, pomwe Angoni amachitira Umthetho masiku ano, napeza mafupa a anthu awiri. Mafupawo anakathera ku University of Cape Town. Ena anapezeka ku Fingira ku Nyika, ena ku Chencherere ku Dedza, m'dera la zojambula za pamiyala la Chongoni lomwe UNESCO inaliika m'kaundula wake mu 2006. Mu 2017 akatswiri, pamodzi ndi ogwira ntchito a boma lathu, anatulutsa zotsatira za DNA ya anthu amenewa: a ku Hora anakhalako zaka pafupifupi 8,100 zapitazo, ndipo nthawi imeneyo DNA yawo inali yakale kuposa ina iliyonse yomwe inawerengedwapo mu Africa. Mu 2022 gulu la Jessica Thompson linaonjezera ana awiri akhanda a ku Hora komweko, a zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo.

Chomwe anapezacho n'chodabwitsa. Anthu amenewa, osaka nyama ndi kutola zipatso, anakhala m'dziko lino zaka zikwizikwi, koma magazi awo sakuoneka mwa Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni amene anayezedwa. Agogo athu ankatisimbira za Akafula kapena Abathwa, anthu aafupi amene makolo anawapeza kuno, ife n'kumayesa nthano zogonekera ana. Fupa labwera kudzavomereza kuti kunalidi anthu ife tisanafike. Ndani angati phunziro lotere n'lopanda pake? Mwana wa sukulu ku Chemusa ayenera kulimva m'kalasi, m'chilankhulo chake, osati lingokhala m'magazini a Chingerezi omwe ngakhale mphunzitsi wake sangawapeze.

Koma likubweretsanso funso lovuta. Ngati anthuwa alibe zidzukulu zodziwika, mwini maliro ndani? Kumudzi mlendo akafera pamudzi popanda mbale, maliro amakhala a mfumu. Ndiye a ku Hora, a ku Fingira ndi a ku Chencherere mfumu yawo ndinu. Poyeza DNA amadula kachidutswa ka fupa kapena dzino n'kukapera, ndipo chaperedwacho sichibwerera. Wina ayenera kusankha kuti fupa limodzi lidulidwa kangati, ndani aloledwe, zotsala zibwerere liti, ndipo zifikire m'chipinda chotani. Chinyezi, chiswe ndi denga lodontha zimawononga fupa ngati mmene amachitira wakuba. Sindikupempha kuti mafupa a zaka 8,000 akakwiriridwe mawa. Pamenepo ndingatsutsane ndi anzanga ena amene amati chilichonse chibwerere m'nthaka. Ndikupempha kuti asungidwe kuno, pouma, pokhoma, olembedwa bwino, ndipo mafumu a madera omwe anakumbidwa adziwe komwe ali. M'nyumba zoonetseramo zinthu zakale za ku Chichiri ndi ku Karonga anthu aziona zifanizo ndi zithunzi, monga anachitira eniake a Livingstone.

Pa Ginnery Corner pomwepa pali umboni woti Amalawi sakana sayansi akafunsidwa mwaulemu. Kuyambira 1996, ku chipatala cha Gulupu, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi madokotala anzawo a kuno ankapempha makolo a ana omwalira ndi malungo ogwira ubongo kuti awalole kupima matupi a anawo. Tangoganizani kulemera kwa pempho lotere kwa mayi amene mwana wake wangotsirizika kumene. Ena ankakana, ndipo kukana kwawo kunkalemekezedwa. Ena ankalola. Mu 2004 zotsatira zinatuluka: mwa ana 31 amene aliyense ankati afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Anapezanso kuti kuyang'ana m'kati mwa diso la mwana kumathandiza kusiyanitsa amene alidi ndi malungo oterewa ndi amene akudwala china. Lero madokotala m'maiko ambiri amadalira nzeru imeneyi, ndipo inachokera kwa makolo a m'mataunishipi ndi midzi yozungulira Blantyre amene anati inde pa tsiku lowawa kwambiri pa moyo wawo. Tizidutswa ta ziwalo totengedwa pa kafukufuku wotere timatha kusungidwa zaka zambirimbiri, ndipo pakapita mibadwo iwiri tidzakhala “zinthu zakale” nafenso. Malamulo a kasungidwe kake akonzedwe lero, eniake adakali moyo.

Chimodzimodzi ndi matupi omwe ophunzira amaphunzirirapo ku sukulu ya madokotala, yomwe inatsegulidwa mu 1991 ngati College of Medicine. Lamulo la Anatomy Act limalongosola momwe thupi lingaperekedwere ku sukulu yotere. Koma funsani munthu aliyense pa siteji ya Chemusa ngati analimvapo, muone. Anthu amafuna kudziwa zinthu zosavuta: mtembo umadikira masiku angati ku mochale asanati ulibe mwini, chilengezo chimaperekedwa pa wailesi iti, maphunziro akatha zotsala zimaikidwa kuti, ndipo pamakhala pemphero kapena ayi. Wofuna kupereka thupi lake mwa kufuna kwake, kuti ana a anzake adzaphunzirirepo, alembetse kuti? Mayankho alipo ndithu m'maofesi. Atulutseni.

Mwina muti nkhani zotere n'zoopsa kuzikamba pagulu, zingadzutse mphekesera. Ine ndikuona kuti mphekesera zimamera pomwe akuluakulu akhala chete. Blantyre ikukumbukira za ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, pomwe anthu oposa 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo, mbiri n'kuwanda yoti magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mumzinda muno, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo azaumoyo ena ankaopa kuyenda ndi zipangizo zawo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa Anatomy Act chifukwa cha zigawenga zopha ndi kufukula abale athu achialubino, ndipo inachita bwino. Koma taonani momwe zikuonekera kwa munthu wamba: wopezeka ndi fupa la munthu m'chikwama amapita ku Chichiri kundende, pomwe ena akusunga mafupa m'makabati mwalamulo, ndipo palibe amene anamufotokozera kusiyana kwake. Kusiyanako kulipo, kwakukulu. Kuli m'chilolezo, m'kaundula ndi m'kuyankha mafunso. Zitatuzi zikabisika, munthu wa kuno azisiyanitsa bwanji dokotala ndi mfiti?

Anzathu oyandikana nawo anayamba kale. Zambia yakhala ikuitanitsa chigaza cha ku Kabwe, chomwe chinapezeka mumgodi mu 1921 ndipo chili ku Natural History Museum ku London. Sichinabwerebe, koma dziko lonse lapansi likudziwa kuti chili ndi mwini. Namibia inalandira zigaza 20 kuchokera ku chipatala cha Charité ku Berlin mu 2011. Zimbabwe ikufunafuna mitu ya atsogoleri a nkhondo ya m'ma 1890, ndipo mu 2022 a ku London ndi ku Cambridge anavomera kugwira nawo ntchito. Angoni a ku Songea, abale a Angoni athu, mpaka lero akufunsa Germany za mutu wa Songea Mbano, amene anapachikidwa mu 1906.

Nkhani ya Mkwawa, mfumu ya Ahehe ku Tanzania, ndiyo itiphunzitse kufunika kwa mabuku. Anamwalira mu 1898, Ajeremani n'kutenga mutu wake. Nkhani inakula mpaka inalembedwa m'pangano la Versailles la 1919 kuti mutuwo ubwezedwe. Unabwera mu 1954, bwanamkubwa Edward Twining atapita yekha ku Bremen kukasankha pakati pa zigaza zambirimbiri zosalembedwa maina, n'kutenga chomwe chinali ndi bowo la chipolopolo ndi muyeso womwe iye anauona ngati woyenera. Chili ku Kalenga, ndipo mpaka pano alipo okayika ngati n'chakedi. Kuchedwa kufunsa kumathera pamenepo: umalandira chomwe wapatsidwa.

Kaundula amene ndikupemphayu asakhale wa chikuto chonyezimira wokakhazikitsa ku hotela. Pa munthu aliyense palembedwe komwe anatengedwa, chaka, amene anatenga, komwe ali lero, amene akumusamala, ndi zomwe zachitidwapo pa thupi lake. Pomwe dzina likudziwika, abale auzidwe kaye mwakachetechete lisanatuluke. Alembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi chokha. Makalata apite ku London, Cambridge, Edinburgh, Berlin, Cape Town ndi Johannesburg, ndipo mayankho awo, ngakhale oti “tilibe kanthu”, awerengedwe pa wailesi. Scotland, yomwe timanyadira nayo ubale kuyambira pomwe mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, isakhale yovuta kuifunsa. University of Edinburgh yabwezapo kale zigaza kwa anthu a ku Sri Lanka mu 2019 ndi a ku Taiwan mu 2023.

Za choti tidzachite nawo akadzapezeka, kaya kuika m'manda, kaya kusunga, kaya kulola kafukufuku wina, musadzagamule nokha ndi akatswiri. Pakhale mafumu, a mipingo, mashehe, a bungwe la anthu amene anagwira ntchito m'migodi, ndi a bungwe la anthu achialubino, poti iwowa nkhani ya mafupa a munthu amaidziwa kuwawa kwake kuposa tonsefe. Padzakhala kusagwirizana, ndipo n'zabwino kuti kudzakhalepo.

Ndikudziwa kuti ndalama za dipatimenti yanu n'zochepa, ndipo nkhani ya anthu akufa singapikisane ndi ya feteleza. N'chifukwa chake sindinapemphe nyumba yatsopano kapena ulendo wa nduna. Yambani ndi zomwe zili m'makabati anu ndi makalata asanu ndi limodzi aja. Mukatero mutiuze tsiku, ife a ku Chemusa tidzakwera minibasi kubwera ku Chichiri kudzamva zomwe mwapeza.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chemusa, Blantyre